Kupuma kwa Achangu

Pa ofesi paja ankawatchula Achangu, chifukwa kale ankakwera masitepe ndi ndowa yodzaza madzi ngati akuthawa mvula, nyimbo ili pakamwa. Ntchito yawo inali yokolopa nyumba yosanja yonseyo. Mphumu anakula nayo, ndipo ndi yomweyo inatenga mkulu wawo ali chikhalire pampando, dzanja lili pachifuwa. Achangu ankaiopa kuposa njoka.

Kuchipatala anawapatsa timankhwala tiwiri topopera m'kamwa: kabuluu ka nthawi imene abanika, ndi kofiirira ka tsiku ndi tsiku. Kabuluu ankakakonda, chifukwa akangopopera mpweya unkabwerera. Kofiirirako ankati n'kaulesi, ukapopera sumva kanthu, choncho kanakagona m'dirowa limodzi ndi mabatani.

Komatu mphumu inaleka kuwagwira, kapena tinene kuti iwo ndiwo analeka kuiputa. Nyimbo anasiya. Kuseka ankasekera mumtima. Madzi m'ndowa anayamba kuthira theka, ndipo pokhotera masitepe paliponse ankaima n'kumapukuta chitsulo chogwirira chimene chinali choyera kale. Akafika kumwamba ankalowa m'kachipinda ka matsache n'kukhala pansi mpaka mtima utaleka kugunda m'makutu. Mwana wawo wamkazi akadandaula, ankangoti, "Ukalamba suchita kuitana, mwanawe."

Tsiku lokaonedwa kuchipatala, namwino anafunsa maso ali pa mzere wa odwala, "Kupuma kuli bwanji, mayi?"

"Aa, masiku ano ndiye ndikupuma kwambiri, kuposa kale."

Sananame ayi. Ankapumadi pamasitepe, m'kachipinda muja, ngakhale panjira yopita kokwerera basi. Namwino anamva zake, iwo anatanthauza zawo, n'kusiyana onse okondwa.

M'mawa wina kukuzizira, fungo la penti watsopano linawapeza pakati pa masitepe. Chifuwa chinamanga nthawi yomweyo. Anapopera kabuluu, n'kupoperanso, koma mpweya unkalowa ngati akuukokera pa bowo la singano. Ndowa inagubuduka, mlonda wa pakhomo n'kubwera chothamanga.

"Khalani pansi, mayi. Pumani kaye, pumani!"

Anangomuyang'ana, maso ali tong'o. Ankafuna kumuuza kuti chimenecho n'chimene chikukanika, koma mawu nawo amafuna mpweya. Ataweramitsa mutu anaona dzanja lawo lili pachifuwa, ndendende mmene linalili la mkulu wawo. Mantha anawagwira. Chomaliza kumva chinali mlonda akukuwa kuti wina abweretse galimoto.

Anapulumukira m'kamwa mwa mbuzi. Atayamba kupezako bwino kuchipatala, dokotala anabwera ndi kachubu kokhala ndi kamuvi pambali.

"Kokani mpweya wonse, ndiye muuzire mwamphamvu ngati mukuzimitsa kandulo."

Anauzira. Kamuvi kanangosuntha pang'ono ngati kakuchita manyazi. Anauziranso mpaka kumva chizungulire, koma kanaimanso pomwepo.

"Mayi, izi sizinayambe dzulo," anatero dokotala. "Njira za mpweya zakhala zotupa kwa nthawi yaitali. Chifuwa chikhoza kukhala chete koma mapapo akuchepa mphamvu, ndipo akafika apa kafungo kakang'ono kakhoza kukugwetsani. Kofiirira kaja ndi kamene kamachepetsa kutupako. Munkapopera?"

Achangu anayang'ana bulangete. Mwana wawo, amene anakhala m'mbali mwa bedi, anagwira pakamwa.

"Nanga si kwa namwino munkati mukupuma bwino?" anafunsanso dokotala.

"Ndinkapuma, adokotala. Paliponse ndinkaima n'kupuma."

Dokotala anaika kachubu kaja pansi pang'onopang'ono.

Panopa Achangu anabwerera kuntchito, ndipo kofiirira amapopera m'mawa ndi madzulo osaphonya. Koma mantha sanawachoke. Akafika pokhotera masitepe thupi n'kufuna kuima, amadzifunsa ngati yatopa ndi miyendo kapena chayambanso chijachi, ndipo yankho sakhala nalo. Masana aliwonse mwana wawo amaimba foni.

"Amayi, mukupuma?"

"Funsa bwino, mwanawe. Kupuma kulipo kuwiri."

Akatero amaika foni pafupi ndi pakamwa n'kukoka mpweya wautali, onse awiri ali chete, akumvetsera ngati muli kulira kalikonse.