Nkhoko Zimene Ndinatsuka

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza ndili ndi beseni la mandasi pamutu. Nditangolemba mayeso a Fomu 4, kunabwera anthu a ku yunivesite kudzakumba pafupi ndi Nkhudzi, pamalo pamene panali mudzi kalekale. Ndinkawagulitsa mandasi mpaka tsiku lina mkulu wawo, Mayi Chirwa, anandifunsa ngati ndimatha kulemba manambala ooneka bwino. Mawa lake ndinayamba.

Amuna ankakumba maenje a makona anayi ozunguliridwa ndi chingwe, akupala dothi pang'onopang'ono. Dothilo linkapita pa sefa, padzuwa, fumbi lili koboo. Zotsala pa sefa, monga mapale a miphika, mikanda ndi minga ya nsomba, zinkabwera kwa ife pansi pa mtengo wa mango. Tinalipo awiri: ine ndi Abiti Saidi, mayi wamasiye amene chifuwa sichinkawatha. Tinkatsuka mapale ndi mswachi m'beseni, kuwayanika pathireyi, ine n'kulemba nambala ya dzenje pa kajumbo kalikonse. Lamulo linali limodzi: chokulungidwa m'pepala lonyezimira osachikhudza. Chifukwa chake sindinafunse, pajatu ndinali wa Fomu 4, wodziwa kale zonse.

Lachisanu lina anafukula phale lalikulu, tako lonse la mphika. Analikulunga n'kuliika pathireyi ya Abiti Saidi. Iwo atapita ku mzikiti kukaswali, ine ndinafunyulula kuti ndingoona. Mkati munali bii, nkhoko zokhuthala ngati chala. Ine ndinaleredwa ndi mayi amene ankati mphika wakuda ndi manyazi a mkazi, ndiye manja anandiyabwa. Mswachi utalephera ndinatapa mchenga, ndinakwecha mpaka phale linafiira psuu. Ndinalibwezera pathireyi ndikuyembekeza kuyamikiridwa.

Mayi Chirwa ataliona anangokhala pansi padothi. Sanakalipe. Anatulutsa foni n'kutisonyeza chithunzi cha buledi wakuda ngati khala, wa Aroma akale, amene anamuona akuphunzira ku Italy. Buledi ameneyu anatsala mu uvuni phiri litaphulika n'kukwirira mzinda ndi phulusa.

"Buledi wopserera uyu ndiye anatiuza zimene Mroma wamba ankadya," anatero. "Mafumu amasiya mayina pamiyala, mayi wamba amasiya nkhoko. Nkhoko za m'phale ili zikanatiuza ngati kuno ankaphika mapira kapena nsomba. Watsuka ndani?"

Ndinayang'ana pansi. Thireyi inali ya Abiti Saidi, ndipo aliyense ankadziwa kuti dzanja lawo ndi lolemera pokwecha. Iwo anangoti, "Pepani, bwana."

Lolemba anawasamutsira ku sefa. Ine ndinatsala pamthunzi ndi cholembera changa, ndikuwamva akutsokomola m'fumbi. Tsiku lililonse ndinkati ndiulula mawa. Sabata yachiwiri isanathe chifuwa chinakula, anasiya ntchito, kukumba kukadali ndi miyezi iwiri, kunyumba kuli ana atatu owadalira.

Ndinaulula kwa Mayi Chirwa tsiku lopakira katundu, pamene kuulula sikukanathandizanso munthu. Iwo anati, "Si ine woyenera kumva zimenezi."

Abiti Saidi ndinawapeza akuyanika usipa pathandala. Ndinayamba kuzungulira nkhani, iwo n'kundidula.

"Ndinaona zikhadabo zako tsiku lomwelo, mwanangu. Zinali bii. Ndinati uyu ndi mwana, ntchito yake yoyamba, alankhule yekha."

"Bwanji simunanene, amayi?"

"Nanga pakamwa pako ndi panga?"

Phale lija ndinaliwononga mosadziwa, kwa mphindi zochepa. Abiti Saidi ndinawalakwira ndikudziwa, m'mawa uliwonse umene ndinawapatsa moni n'kukakhala pamthunzi. Ntchito yokumba ndikuigwirabe. Ndikalakwitsa ndimadzinena ndekha pomwepo, wina asanapepese m'malo mwanga.