Chipsera cha pa Mkono wa Fatsani

Ndinadzuka kusanache, ngati kutsamira khoma m'nyumba ya siwa tingakutche kugona. Amayi a mpingo anali atasasa mawu ndi nyimbo. Mlongo wanga Fatsani anali m'bokosi pakati pathu. Anagwa m'chigafa akusoka fodya, mtima utangoima, monga anagwera bambo athu pa msinkhu womwewo. Anasiya mkazi ndi kamwana koyamwa.

Panja nkhuni zonyowa zinkangofuka utsi, azimayi akukolezera ndi zitsononkho. Nditayandikira, nkhani inaduka. Mmodzi ananditsatira kuseri kwa nkhokwe n'kunditsina khutu kuti osambitsa mtembo aona chipsera pamkono, ndipo anthu akuti wina anamudula mnofu akali moyo.

Chipseracho ndinkachidziwa. Mkulu wathu, achimwene a Yosiya, amafufuza matenda a mtima ku Joni. Chaka china anapita ndi Fatsani kwa madokotala m'tauni, nakamudula kakhungu konga njere ya mpunga. Kulabotale kwawo maselo a khungulo anawabweza ku ukhanda, kenaka n'kuwasandutsa maselo a mtima oti aziyeserapo mankhwala a nthenda ya m'banja mwathuyi. Fatsani anavomera yekha. Ankatiseketsa kuti khungu lake lakwera ndege mwini wake akupalasabe njinga.

Dzuwa silinatuluke tsiku limenelo. Anthu anafika m'matope kuchokera ku Nsaru, ku Nambuma, ena mpaka ku Chiwamba, nadzaza bwalo mpaka m'mizere ya chimanga. Achimwene anatulukira m'galimoto yobwereka yonyezimira, ndipo ndinaona maso a anthu akuiyeza. Ndinawakokera pambali n'kuwauza kuti powerenga mbiri ya malemu angotchula tsiku lobadwa, ubatizo ndi ukwati, basi. Anagwedeza mutu. Achimwene angawa sukulu anaimaliza yonse, koma pofunika kutseka pakamwa sanafikepo.

Anawerenga bwinobwino mpaka pamene anayang'ana amayi athu. Apo misozi inawagwira, pepala n'kulipinda.

"Amayi, Fatsani sanathe yense," anatero. "Mbali ina ya iye ndikuisunga kuntchito kwanga, ndipo ikugundabe."

Kenaka mlamu wake wa Fatsani, mchimwene wa mkazi wamasiyeyo, anaima kumbuyo n'kunena mosakweza mawu kuti aliyense wamva yekha: munthu wapha mng'ono wake, wamusandutsa ndondocha yomusakira chuma, galimoto yake ndi iyo.

Abusa anayambitsa nyimbo msangamsanga, adzukulu n'kunyamula bokosi. Tinalowa m'kanjira ka kumanda, nyimbo kutsogolo, manong'onong'o kumbuyo. Chibanthu cha njerwa choyamba chinadutsa pafupi ndi khutu langa n'kukawapeza achimwene pachipumi. Anagwada, magazi ali chuchuchu pa shati yoyera. Asanadzuke, anyamata anawazinga ndi mipini ya makasu, makasu omwe aja anakumbira manda a Fatsani. Ndinamva mkono ukuthyoka ngati phesi louma. Ena ankawaponda kumaso ndi majombo. Kumudzi magalasi a galimoto anali kusweka, utsi wakuda ukukwera pamwamba pa chimanga.

Onyamula bokosi analitula m'matope n'kuthamangira komweko. Zimenezi sindidzakhululuka. Ndinadumphira m'gulumo, ndinaluma dzanja la wina mpaka kulawa magazi, iye n'kundibweza ndi chigongono, dzino langa lakutsogolo n'kutsala pomwepo. Abusa ankakuwa mayina a anthu amene anawabatiza okha, koma palibe anatembenuka. Ena mwa oponya miyala ndinawaphunzitsa kuwerenga ine ndemwe.

Wina anabwera akugubuduza tayala, mnzake atanyamula botolo la petulo. Pamenepo mpamene amayi anafika. Amayenda ndi ndodo, koma tsikulo anaitaya. Anakankha amuna akuluakulu, mwala n'kuwamenya paphewa, iwo osaima, mpaka anadzigwetsa pamwamba pa achimwene n'kuwafunditsa chitenje chawo.

"Onse awiriwa anatuluka m'mimba muno," anatero. "Thirani petulo wanuyo pa ine. Mukatha, mukakumbe manda atatu."

Wa botolo uja anayang'ana anzake. Mlamu uja anatukwana, koma mpini unali utatsika. Mvula inayamba kudontha, ndipo mkulu wa adzukulu anakumbutsa anthu kuti dzenje likudzaza madzi. Anabalalika mmodzimmodzi, aliyense akuyang'ana pansi ngati wataya singano.

Achimwene tinawakweza pangolo ya ng'ombe kupita kuchipatala ku Kabudula, diso limodzi litatsekeka. Ndi milomo yong'ambika anandiuza kuti akabwerera ku Joni akataya maselo onse, kuti ife tikhale pamtendere pamudzi. Sanaponye dothi pa bokosi la mng'ono wawo.

Tinamuika Fatsani tili ochepa, madzi akukapidwa m'dzenje ndi ndowa. Pobwera kumanda ndinapeza ena mwa anthu aja atasamba m'manja, akudya chakudya cha pamaliro athu, wina mpaka kupempha mchere. Ndinapsa mtima moti ndinathawira kuchigafa kukalira ndekha.

Madzulo nyumba inatsala yathu. Mphasa zinali zitapindidwa, pabwalo pali phulusa ndi chigoba cha galimoto. Mkazi wa Fatsani anakana kupita ndi abale ake, anali gone kuchipinda, kamwana kali pamiyendo pa amayi. Amayi anandifunsa ngati ndinachionapo chimene Yosiya amanenacho. Ndinatulutsa foni yanga, poti achimwene ananditumizira kalekale kanema wake.

Sichinali chinthu chooneka bwino, kanali kadontho kotuwa ngati phala lozizira. Koma kankagunda. Kagunde, kagunde, kaime pang'ono, kayambirenso. Amayi anakayang'ana nthawi yaitali, phewa lotupalo ataliiwala, kenaka anati bambo athu mtima wawo unkapumira chomwecho akagona. Ndinawauza zimene achimwene analonjeza pangolo paja.

Amayi anatsegula kamalaya ka mwana uja n'kuika dzanja lawo pachifuwa pake, akumvetsera.

"Mawa ukapite ku Kabudula," anatero. "Ukamuuze Yosiya kuti asataye kanthu. Abwerere kuntchito, ndipo afulumire."