Galimoto Zofiira pa Mchere

Amuna anga anali munthu wophunzira, koma pa nkhani ya galimoto nzeru zinkawathawa. Lero ndikunena mwachikondi, nthawi imeneyo ndinkanena ndi mkwiyo. Tinkachita lendi kanyumba ku Mississauga, ine ndikugwira unamwino pachipatala china m'kati mwa Toronto, iwo akuphunzitsa masamu kusekondale. Kuno anabwera kudzaphunzira chabe. Kenako tinamva kuti dzina lawo latchulidwa kumudzi pamalo osayenera, ndiye nkhani yobwerera inathera pomwepo. Zaka zimenezo sunkafunsa kuti wakutchula ndani. Ndikawafunsa za kwathu ankangoti, "Chaka chamawa, mayi," mpaka ndinasiya kufunsa.

M'galaja mwathu munkagona galimoto yofiira ya ku Italy, ya mipando iwiri, yofupika ngati ikufuna kukwawa. Anaigula ili yakufa kale. Ine kuntchito ndinkapita pa basi, kenako pa sitima yapansi, galimoto ili phee pansi pa lona, kudikira kachitsulo kena ka mu injini kamene ankati kakubwera kuchokera ku Italy. Kachitsuloko kankangokhala kakubwera.

Galimoto imeneyo ndi imene inawapezera anzawo. Loweruka lililonse ankakumana ndi azibambo ena okonda galimoto za kampani imodzimodziyo. Panali makaniko wachikulire wa ku Italy, wamfupi, wa girisi wosachoka m'zikhadabo. Panali dokotala wa mano wa ku Oakville, wolemera, wolankhula kwambiri. Enawo nkhope zawo zinandisokonekera kalekale. Kampani yawoyo inali kudwala. Mafuta anali atakwera mtengo, anthu anasiya kugula galimoto zaliwiro, ndipo kufakitale antchito ankangonyanyala. Ikafika nthawi yoti akumane kwathu, ndinkawamva ndili kukhitchini akutsutsana. Wina akuti boma la kwawoko liipulumutsa, wina akuti imezedwa ndi kampani yaikulu n'kuyamba kupanga galimoto zokagulira kabichi. Makaniko uja ankamenya patebulo n'kunena kuti galimoto yatsopano ikubwera, yoposa zonse, chaka chamawa. Amuna anga ankavomera ndi mtima wonse, ngati kuti fakitaleyo ndi ya amalume awo.

Gululi linali ndi lamulo limodzi losaphwanyika. Chipale chikangoyamba kugwa, a khonsolo amathira mchere m'misewu, ndipo chitsulo cha galimoto zimenezi chinali chopyapyala, chosachedwa kudyedwa ndi dzimbiri. Choncho nyengo yonse yozizira galimoto zinkatsekeredwa, kufunditsidwa, osaponda msewu mpaka mvula ya mu Epulo itatsuka mcherewo.

"Mayi, salt ndi poizoni," ankatero amuna anga. "Ukangoi-drive-a kamodzi mu winter, basi, wayipha wekha."

"Ndiye ndi galimoto kapena ndi khanda la m'chikuta?" ndinkawafunsa. Ankaseka n'kukakonzanso lona lija.

Anamwalira mu Febuluwale. Anagwa m'khonde la sukulu, mabuku ali m'manja, mtima utangoima. Foni inandipeza muwodi ndikumanga bala la mayi wina. Ndinamva uthengawo, ndinati zikomo, ndinabwerera kukamaliza kumanga balalo. Anzanga ndi amene anandivula magolovesi. Kuyambira tsiku limenelo sindinkamva kanthu, kaya njala, kaya kuzizira. Anthu akandilankhula ndinkaona milomo ikuyenda.

Thupi silikanapita kumudzi, onse tinkadziwa. Chimene chinatsala m'mutu mwanga chinali chimodzi: munthu ameneyu aikidwa bwanji popanda anthu? Kwathu maliro ndi anthu. Amayi amadzaza m'nyumba, abambo amakhala panja, ndipo ukakhala m'katimo umamva kuti panja pali anthu. Koma Amalawi ku Toronto nthawi imeneyo tinkatha kukwana pa mphasa ziwiri. Anabwera amayi anzanga ochepa, ambiri anamwino, anyamata awiri a ku Zambia a pa yunivesite, ndi bambo wina wachikulire wa ku Mulanje, mkulu wa mpingo, amene tonse tinkamutenga ngati kholo lathu. Amayiwo anatulutsa mipando kukaiunjika m'galaja, n'kuyala mabulangete pansi, n'kuyamba nyimbo. Ankaimba bwino. Koma nyimbo ikatha, m'nyumba munkagwa zii, ndipo panja panalibe ngakhale wokhosomola. Ndikasuzumira pawindo ndinkangoona chipale ndi bini la aneba.

"Bambo," ndinawafunsa achikulirewo, "ndiye apita chonchi? Ngati munthu wopanda kwawo?"

Anayang'ana pansi. "Mayi, tili kwa eni. Tichita zimene tingathe."

M'mawa wa tsiku loika maliro tinamva kulira kwa mainjini. Mayi wina anakweza katani. Mumsewu mwathu munali mutandandalika galimoto zija, zofiira zokhazokha kupatula imodzi yachikasu, denga la nsalu lili chotseka, m'mbali monse muli mbuu ndi mchere mpaka m'mawindo. Zinali zitayenda kuchokera ku Oakville, zina kuchokera kumpoto kwa tauni. Ndinaziyang'ana ndipo chimene ndinaganiza n'chakuti amuna anga akanakalipa.

Makaniko uja anagogoda, chipewa chili m'manja. Anafunsa achikulire aja kuti kwathu pamaliro anthu amatani, chifukwa iwo safuna kulakwitsa. Achikulirewo anayankha mwachizolowezi kuti amayi amakhala m'nyumba, abambo panja. Ankangofotokoza, eni ake anali atakhala pafupi ndi hita, atavula ndi jekete lomwe. Koma makanikoyo anagwedeza mutu, anatembenuka n'kukauza anzake. Tinangoona azibambo onse aja ataimirira pakhomo la galaja, m'chisanu choluma makutu, manja ali m'matumba. Wina analowa kukatenga mipando yathu ija. Achikulire aja anachita manyazi. Anavala jekete lawo, anakodola anyamata a ku Zambia, n'kutuluka nawo.

Ine ndinali nditakhala pansi, nditatsamira khoma, windo lili pamwamba pa mutu wanga. Nyimbo itatha ndinayembekezera zii uja. Sanabwere. Kunja kunkamveka mawu a amuna, apansipansi, osaleka. Nditatchera khutu ndinamva dokotala wa mano akunena kuti wamva zoti fakitale igulitsidwa chilimwe chisanathe. Makaniko ankakana, akuti anthu amene amapanga injini zotere sangathe choncho, ingodikirani. Kenako ndinamva achikulire a ku Mulanje, amene sankadziwa ngakhale potsegulira boneti, akuti, "Eya, zimatero, zimatero."

Mayi wina amene anali pafupi nane anakwiya. "Tamvani! Aku-discuss-a za magalimoto pamaliro? Ndikawaletse?"

Ndinakumbukira maliro a bambo anga. Ndinali m'nyumba chonchi, ndipo panja azibambo ankakambirana za mtengo wa fodya ndi za mlatho umene unakokoloka. Palibe ankatchula womwalirayo. Ankangokhala pamenepo, kulankhula zawo, kuti ife m'katimo tisamve kuti tili tokha.

"Asiyeni," ndinatero. "Tsegulani windolo pang'ono."

Anatsegula. Mphepo yozizira inandigwera m'khosi, amayi anakokera zitenje m'mapewa, koma palibe anadandaula. Sindinalire. Ndinangokhala pamenepo kumvetsera za fakitale ya ku Italy mpaka galimoto ya bokosi inafika.

Popita kumanda galimoto zija zinatitsatira zonse, pang'onopang'ono, matayala akuwaza madzi a mchere. Anthu m'misewu ankaima kuyang'ana. Ya amuna anga yokha ndi imene inatsala pansi pa lona. Kumanda bokosi analinyamula anyamata a ku Zambia aja, dokotala wa mano, makaniko ndi ena awiri, akutsetsereka m'nsapato zawo zakutchalitchi.

Chilimwe chitafika makanikoyo anabwera kudzandiona. Ndinkamuyang'ana akutsika m'galimoto, ndipo ndinaona kuti m'munsi mwa chitseko cha galimoto yake penti yatupa matuzamatuza, pena dzimbiri latulukira kale. Ndinaloza. Anayang'ana, anapukuta ndi chala, n'kukweza mapewa. Tinaima pakhonde osadziwa chokamba, chifukwa ine ndi iye tinali tisanachezepo patokha. Ndiye ndinamufunsa za galimoto yatsopano ija, ngati pali chimene wamva.

"Chaka chamawa," anatero, nkhope ikuwala.

Ndinali ndisanawamve mawu amenewo kuyambira mu Febuluwale.

"Eya," ndinamuyankha, "chaka chamawa." Ndinalowa kukatereka madzi a tiyi.