Munthu Wamba wa a Mwachidule

M'mawa uliwonse, asanalawe tiyi, a Mwachidule ankaima pawindo la pabalaza, magalasi ali kunsonga kwa mphuno, n'kumakanda foni ndi chala chimodzi ngati nkhuku yopalasa. Ankaona ngati a bungwe lothandiza kafukufuku ayankha. Akatero ankausa moyo, n'kunena kuti, "Sanandikumbukire," kenako n'kukhala pansi kumwa tiyi atazizira kale.

Dzinali anawapatsa ndi ophunzira a ku yunivesite, kumene ankaphunzitsa za kakhalidwe ka anthu. Akuti akangoti "mwachidule", wanzeru ankavula nsapato n'kukhazikika bwino, chifukwa ola lathunthu lapita basi. Eni ake ankalidziwa dzinalo ndipo ankaseka nawo. "Ndachita imvi ndi choko m'manja," ankatero. "Anzanga onse ndi mapulofesa, ine ndikadali katswiri wopukuta bolodi."

Make Kachitsa, mkazi wa mwana wawo wotsiriza, anabwera kudzakhala pakhomopo ali woyembekezera, poti mwamuna wake ndi dalaivala wa thiraki, mwezi umatha asanaonekere. Sukulu analekezera sitandade sikisi. Manyazi ake anali oti mlendo akagogoda, iye ankapezeka kuseri kwa chitseko cha kukhitchini akupukuta mbale youma kale. Pamaso pa apongozi ake aamuna mawu ake anali awiri okha: "Eya, bambo."

M'chipinda chowerengera munali makatoni asanu ndi anayi odzaza makope. Kwa zaka khumi ndi zinayi a Mwachidule ankayenda m'nyumba za lendi kulemba zimene anthu amalankhula. Kuti makopewo asanduke buku pankafunika thandizo la bungwe lija, lolipirira otaipa ndi osindikiza, ndipo popanda bukulo upulofesa panalibe. Zinali zitatsala zaka ziwiri kuti apume pantchito. Makope a m'katoni yapansi mphemvu zinali zitayamba kale kuwawerenga.

Pa fomu yopemphera thandizolo panali kabokosi kamodzi kamene kankawasowetsa mtendere. Kankati: fotokozani ntchito yanu m'mawu ochepa, oti munthu wamba amve. Loweruka lina masana anasuzumira kukhitchini.

"Make Kachitsa, tabwerani kuno. Inu ndiye munthu wamba wanga."

Iye anakhala kunsonga kwenikweni kwa mpando, mwana ali kubere. Apongoziwo anatsokomola n'kuyamba: "Mwachidule, kafukufukuyu akusanthula maubale a ulamuliro ndi kagawidwe ka zinthu zoperewera pakati pa magulu okhala moyandikana m'malo othithikana..." Mawu ankangotsatana ngati mabogi a sitima. Make Kachitsa anakwera bogi loyamba, lachiwiri linamusiya. Anayamba kuona maluwa a pansalu ya patebulo, n'kuzindikira kuti limodzi analisoka mozondoka.

"Zamveka?"

"Eya, bambo."

"Palibe pokhota?"

"Eya, bambo."

Fomu inapita tsiku lomwelo. Madzulo ake make Kachitsa anawamva akudzitama kwa akazi awo kuti, "Ngakhale mpongozi wamva zonse, kamodzi n'kamodzi!" Iye anangopitiriza kuchapa matewera.

Yankho linabwera patatha miyezi inayi. A komiti ya bungwelo anathokoza mwaulemu, koma anati sanamvetse chimene mkuluyu akufuna kufufuza. A Mwachidule anawerenga kalatayo mokweza kawiri konse, n'kuseka. "Madokotala asanu a m'komitimo alephera chimene anamva wa sitandade sikisi. Dziko lapita!" Koma tiyi wa tsiku limenelo anabwerera kukhitchini osakhudzidwa, ndipo mlungu wonse sanalowe m'chipinda cha makatoni.

Apongozi aakazi anamupanikiza make Kachitsa pasinki.

"Iwe, tandiyang'ane. Unamvadi zija?"

"Ayi, mayi."

"Nanga eya wako uja anali wa chiyani?"

"Ndinkaopa, mayi."

"Mwana iwe, ungadzavomere ngakhale atati akudule mwendo! Ukuganiza sandifunsa ine chifukwa chiyani? Ndinawauza chaka chomwe tinakwatirana kuti sindimva kanthu. Iwe ndiye unali mboni yawo yomaliza, ndiye mboni yake n'kukhala iwe."

Kuyambira tsikulo make Kachitsa anayamba kuphunzira kukana. Ankayesera pa mwana pomusambitsa: "Ayi, bambo. Sindinamve, bambo." Kachitsa ankangomenya madzi n'kumaseka ndi mano ake awiri. Anayeseranso pa tsache, pa mphaka, ngakhale pa jekete la apongozi lili pachingwe. Pajekete zinkayenda bwino kwambiri.

Chaka chinatembenuka, fomu inatulukanso. Umenewu unali mwayi womaliza, chifukwa bungwelo silithandiza munthu amene wapuma kale pantchito. A Mwachidule anakonzanso kabokosi kaja, n'kuwonjezamo mawu ena aatali kuti a komiti asadzanamizirenso. Anaitana munthu wamba wawo. Mpando womwe uja, nsalu yomwe ija.

Atamaliza kuwerenga anafunsa kuti, "Zamveka?"

Pakamwa panatseguka pokha. "Eya..."

Kukhitchini kunagwa chivundikiro cha poto, chogwetsedwa dala.

"Eya... ayi, bambo."

"Mwati bwanji?"

"Sindinamve, bambo." Ankauza zala za kumapazi kwake.

"Kuyambira pati?"

"Kuyambira pamene munatsokomola paja."

"Nanga chaka chatha?"

"Chimodzimodzi, bambo."

Make Kachitsa anayamba kuganiza za chikwama chimene alongezeremo zovala zake. A Mwachidule anavula magalasi, n'kuwapukuta ndi tayi nthawi yaitali.

"Zaka makumi atatu," anatero, "ana a eni akhala akundigwedezera mitu m'kalasi. Ine kumati ndikuphunzitsa, kani ndikuwodzeretsa mtundu." Anaseka, koma kuseka kwake kunali kopanda mchere. Kenako anapita kukatenga kope limodzi m'katoni, analikuntha fumbi. "Chabwino. Zanga zakanika. Tamvani za eni ake." Anatsegula pakati n'kuwerenga: "Mayi wa chitseko chachitatu akuti, ndani wasuntha ndowa yanga pamzere? Lero ndiona naye!"

Make Kachitsa anadzutsa mutu. "Kodi nkhani yake ndi ya pampopi?"

"Inde, ndi chimene ndakhala ndikunena."

"Simunanene za mpopi, bambo."

Iye anakulira m'nyumba zoterozo, zitseko khumi ndi ziwiri, mpopi umodzi pabwalo. Sadziwa mpaka lero chimene chinamugwira. Anayamba kufotokoza kuti wopanda ndowa yapadera amaika mwala pamzere, ndipo mwala wa munthu aliyense umadziwika ngati nkhope yake. Anati wosuntha mwala wa mnzake ndi woipa kuposa wakuba sopo. Anati amene ali ndi wodwala m'nyumba kapena khanda amatunga osadikira, koma akazolowera amamuimbira nyimbo yomunena ali pomwepo. Anati wosunga kiyi wa mpopi sakhala mwini nyumba, amakhala mayi amene mawu ake amafika kuchitseko chomaliza. Ndipo awiri akayambana sapepesana ayi, amatha mwezi osapatsana moni, kenako tsiku lina madzi akabwera mwadzidzidzi mmodzi amangogogoda kwa mnzake n'kuti, "Abwera!" Mlandu wathera pomwepo.

A Mwachidule ankalemba mpaka cholembera chinatha inki, anatenga china. "Pang'onopang'ono, mayi! Za mwalazo zili m'katoni yachinayi, zinanditengera zaka zitatu!"

Mwana atalira m'chipinda m'pamene make Kachitsa anazindikira kuti waimirira, dzanja lina lili m'chiuno, lina likuloza apongozi ake ndi supuni ya tiyi. Anaika supuniyo pansi bwinobwino ngati ingaphulike, n'kuthawira kukhitchini. Apongozi aakazi anali atatsamira furiji, misozi ili mbwembwembwe ndi kuseka.

M'kabokosi kaja munalowa izi: "Mabanja khumi ndi awiri, mpopi umodzi. Ndikufuna kulemba momwe amakanganirana ndi momwe amagwirizanirana popanda wapolisi kapena woweruza." A Mwachidule anaziyang'ana mokayika. "Zaka khumi ndi zinayi, ziganizo ziwiri. Anzanga akaona adzati ndadwala."

Yankho linafika masana ena iwo ali m'tulo pampando, nyuzipepala ili kumaso. Thandizo linaperekedwa. Otaipa anabwera kudzanyamula makatoni, mphemvu zinasowa sukulu. Upulofesa unali woti udikire buku lituluke, koma yunivesite inakonza mwambo wolemekeza aphunzitsi amene apeza thandizo chaka chimenecho, ndipo aliyense anapatsidwa mphindi zisanu zoti alankhule.

Mphindi zisanuzo ndi zimene zinawadwalitsa mutu. Anayesera pabalaza katatu, akazi awo atagwira wotchi. Ulendo woyamba anatha mphindi makumi anayi. Wachitatu anatha makumi awiri ndi zisanu, asanafike n'komwe pothokoza.

Tsiku la mwambo make Kachitsa anavala diresi la mlamu wake ndi nsapato zomuluma, maso ake akusakasaka mpando wakumbuyo kwenikweni, kufupi ndi khomo. A Mwachidule, atavala mkanjo wakuda wonunkha mankhwala a njenjete, anamupeza pakhomo la holo n'kumukokera pambali.

"Mayi, ndili ndi pempho limodzi."

"Eya, bambo."

"Musavomere musanamve! Mukakhale mzere wakutsogolo, mwana ali pamiyendo. Mukaona kuti mwasiya kundimva, mungomutsina pang'ono mdzukulu wangayo kuti alire, ine ndikhale pansi."