Kalebe Anamangirira Dzanja Lake ku Mpini

"Amalume, kodi n'zoona kuti kukamwa kwanu kunakhota chifukwa munaba chimanga m'munda wotsirika?"

Anafunsa funso limeneli ndi Takondwa, kamwana ka mlongo wake wa Kalebe. Mwanayo sanalakwe. Ankangobwereza zimene akuluakulu ankakamba pamjigo.

Kalebe, mlimi wa matimati wa kwa Dzoole ku Dowa, anali asanakwanitse zaka makumi atatu pamene sitiroko inamugwetsa ali kudimba. Kuchipatala ku Madisi anamuuza kuti magazi ake akhala akuthamanga kwa nthawi yaitali iye osadziwa. Anabwerako akukoka mwendo, dzanja lamanja lili lende, mawu akutuluka ngati a munthu woledzera.

Koma kumudzi anali atamupezera kale matenda ena. Ankati sitiroko ndi ya nkhalamba, mnyamata angaidwale bwanji? Dimba lake linachita malire ndi munda wa a Andireya Banda, ndiye mbiri inawanda yakuti a Bandawo anatchera chambu, mankhwala ogwira akuba, ndipo chagwira Kalebe. A Banda sanavomere, komanso sanakane.

Inu owerenga, matenda amawawa. Koma kudwala kwinaku anthu akukuloza chala kuti ndiwe mbava, kumawawa mpaka m'mafupa.

Asanadwale, Kalebe anali mmodzi wa adzukulu okumba manda, ndipo pakakhala nthaka youma ankaitana iyeyo. Choncho kutagwa maliro m'mudzimo, anatenga ndodo yake n'kudzikoka mpaka kumanda.

"Akulu, khalani pamthunzipo ndi madalawa," anatero mtsogoleri wa adzukulu.

Wina ali m'dzenje anaponyapo mawu: "Khasu musam'patse ameneyo. Dzanja logwidwa ndi chambu lisakhudze manda a eni."

Anaseka. Kumanda, anthu anaseka!

Kalebe anabwerera kunyumba. Anaponya ndodo pakhoma. "Andikwirira ndili moyo anthu awa," anauza mkazi wake Tabita.

"Ndiye fukukani," anayankha Tabita. "Misozi yanuyi siithirira matimati."

M'mawa mwake Kalebe anadula chubu chakale cha njinga, n'kuuza mkazi wake kuti amumangirire dzanja lofookalo ku mpini wa khasu. Khasu linkapotoka, kumutema chala cha kuphazi. Mphira inkamusupula khungu. Iye ankatukwana, kupuma, n'kuyambiranso. Mankhwala a kuchipatala sankadumphitsa. Zolimbitsa thupi zimene anamuphunzitsa ankachita, ngakhale tsiku limene mtima wakana. Pofuna kuwongola lilime, ankaimba nyimbo za kutchalitchi mokweza ali yekha kudimba, odutsa n'kumati tsopano wapenga.

Dzinja linadutsa, linanso n'kudutsa. Zala zinayamba kugwira pang'onopang'ono. Matimati anabereka, ndipo pamsika ku Madisi alendo ankagula. Koma anthu akwawo ankalambalala mulu wake n'kukagula kwa ena. Thupi linkachira, dzina ayi.

Kenaka mayi awo a Andireya Banda anamwalira. Munali m'chilimwe, dzuwa likuswa mtengo, ndipo kumanda nthaka inali gwa ngati mwala. Dzenje litafika m'chiuno, adzukulu anatheratu mphamvu. Kalebe anatulukira, dzanja atalimanga kale ku mpini, n'kutsetserekera m'dzenjemo osapempha aliyense.

"Tulukamo iwe!" anakuwa uja anamunyoza tsiku lija.

"Bwera udzanditulutse," anatero Kalebe.

Palibe anasuntha. Khasu linayamba kulira. Ankakumba mopendekeka, thukuta lili kamukamu, mano atakukuta, mpaka dzenje linamumeza mutu. Pomutulutsa, anamugwira dzanja ndi mtsogoleri uja, maso ali pansi.

Mwambo utatha, a Banda anamulondola kudimba kudzathokoza. Kalebe sanawapatse mpata.

"Abanda, mundiuze m'maso muli gwa. Chambu chinalimo m'munda mwanumu?"

"Munalibe, achimwene. Chibadwire sindinatsirikepo munda."

"Nanga nthawi yonseyi munangoti chete bwanji?"

A Banda anakanda m'mutu. "Chidwalire chanu, sindinabedwepo ngakhale chimanga chimodzi. Akuba onse ankaopa."

Kalebe anamva magazi akuwira. "Ndiye matenda anga munawasandutsa mlonda? Ine ndikulephera kumeza phala, mkazi wanga akuchita kundisambitsa, inu mukukolola ndi kukamwa kwangaku? Ana akunditcha wakuba pakhomo panga, inu nkhokwe ili tho!"

Anadzutsa khasu m'mwamba. A Banda anabwerera m'mbuyo. Khasulo linatera pamzere wa matimati, n'kuzikika mpaka m'khosi.

Abale anga, pali ena mwa inu amene matenda anakugwetsani muli achinyamata, anthu n'kukupekerani nkhani pamwamba pake. Kwiyani ndithu, palibe cholakwika. Koma mkwiyowo musautsekere m'nyumba kuti uzikudyani. Upatseni ntchito. Imwani mankhwala, tulukani panja, pitani kumene akukukanizani. Musataye mtima, ngakhale mudzi wonse utakutayani.

A Banda anavula chipewa. "Mawa posesa maliro a mayi, mudzi wonse udzakhalapo. Ndidzaimirira ndi kunena ndekha kuti m'munda mwanga munalibe chambu, ndipo inu simunabepo kanthu. Ndikulonjeza."

"Mudzanene mokweza, a pamjigo adzamve."

"Ndidzakweza."

"Mukudziwa kuti mukatero akuba abwerera?"

"Abwere."

Kalebe anazula khasu lake.

"Mukadzanena, chimanga chikadzakhwima tidzalondera limodzi," anatero. "Kuthamangitsa wakuba sindingathe. Inu muzidzathamanga, ine ndizidzakuwa. Ndalonjeza."