Nkholokolo za Akpofure

Akpofure ankadula magalasi a mawindo kuno ku Sapele, ndipo zala zake zinali zipsera zokhazokha. Tinayandikana makomo kuyambira tonse tidakali ndi mano. Ife kuno milamba timawetera mphika. Iye yekha ndiye ankaweta nsomba zongoyang'ana.

Zidutswa zotsala za magalasi anazimata n'kupanga thanki, n'kuiika pabalaza pamene anthu olongosoka timaikapo wailesi ya kanema. M'menemo munali nkholokolo zing'onozing'ono, zotalika ngati chala, zimene msodzi wina anamubweretsera kuchokera m'mifuleni ya kumtunda. Mtundu umenewu umasambira chagada, mimba kumwamba. Masana umangoti duu kunsi kwa tsamba ngati wakomoka.

"Mdala, nsomba zakozi ukuzimwetsa kachasu wathu uja wa ogogoro eti?" ndinkamufunsa.

"Woledzera ndiwe. Izi n'chibadwa."

Chimene ankafuna pa moyo wake chinali chimodzi: aone nkholokolo zake zitaswa ana m'nyumba mwake. Ankati sanamvepo munthu amene anazikwanitsa. Mvula ikayamba ankatunga madzi a padenga n'kumathira m'thankimo ndi kheni yothirira ndiwo, ati nsomba ziziyesa kuti mtsinje wadzaza. Ankaweta ngakhale ana a udzudzu m'chitini kuti azizidyetsa, ife oyandikana naye n'kumalumidwa. Zazikazi zinkatupa mimba, kenako n'kuphwa, koma mwana osaoneka. Chaka ndi chaka zomwezo. Mkazi wake anamwalira, maso anayamba kuchita chifunga, iye osaleka.

Chaka chatha mvula itangoyamba, chifuwa chinamugwetsa. Mwana wake Erhuvwu anapita naye kuchipatala ku Warri, n'kuitanitsa amalume ake, a Otite, kuti adzasunge nyumba. Otite ndi munthu wabwino, mlimi wa milamba wa madamu akuluakulu ku Ughelli. Pantchito yawoyo lamulo ndi lodziwika: nsomba ikagadama ndiye kuti ikufa, uichotse msanga n'kuiwamba isanawononge madzi.

Tsiku lomwe anafika, ndikuchokera kumsika masana, ndinamva fungo la utsi kuseri kwa nyumba.

"Alamu, mukuwamba chiyani?"

"Tsoka, bambo. Ndapeza zonse zagadama. Komabe ndazipulumutsa zisanaole, wodwala akamwera msuzi."

Zinali pa waya, tinsomba takuda, tokwinyika.  Nditamufotokozera kuti kugadamako n'chibadwa cha nsombazo, bambo wamkulu uja anakhala pansi padothi, chipewa m'manja.

Thanki tinaisiya momwemo ndi madzi ake. Palibe analimba mtima kuikhudza.

Achipatala ataona kuti palibenso chochita, anamubweza Akpofure kunyumba. Erhuvwu anali atamuuza kale za nsombazo m'njira. Otite anamuchingamira pakhomo atagwada.

"Alamu, ndakulakwirani."

"Dzukani," anatero Akpofure, mawu ali pansipansi. "Mwazithira tsabola wokwanira?"

Palibe anaseka. Anakana kukagona kuchipinda, tinamuyalira pabalaza, nkhope kuloza thanki yopanda kanthuyo. Sankadya. Ine ndinkapita m'mawa uliwonse kukamuputa, ndimvekere wanenepa, anamwino ankamudyetsa chiyani, koma ankangotseka maso.

M'mawa wina Erhuvwu anabwera ndi ndowa kuti ataye madziwo, poti anayamba kubiriwira. Bambo ake anakweza dzanja.

"Taima. Iwe wamaso a kadzidzi, tayang'ana pansi pa chikuni icho. Pakuyenda kanthu kapena ndi maso angawa?"

Ndinagwada, mawondo akulira, mphuno n'kugunditsa pagalasi. Poyamba ndinaona ndere zokha. Kenako kanthu kochepa ngati nsidze kanathamanga pamchenga n'kubisala. Kena kanatsatira. Tinalipo tambiri, tili ndi tindevu tosaoneka bwino.

"Mdala, uli ndi adzukulu."

Tinamunyamula ine ndi Otite mpaka pafupi. Anayang'ana nthawi yaitali, mpweya ukulira m'chifuwa.

"Ndiye kuti zinkaikira," anatero. "Zaka zonsezi zinkaikira, n'kumadya zokha mazirawo. Ine n'kumazisiya momwemo." Anatembenukira mlamu wake. "Munayenera kungoziika mu ndowa, alamu. Osati pamoto."

Otite analira ngati mwana. Akpofure anapempha dzira lowiritsa, natswanya kachidutswa ka chikasu chake pakati pa zala n'kuwaza pamadzi. Lotsalalo anadya yekha, chakudya choyamba chimene ndinamuona akumeza chibwerereni ku Warri.

Anakhala nafe mpaka mvula itatsala pang'ono kutha. Masiku onsewo ankagona pomwepo, kundilamula ngati wantchito wake: madzi usathire ambiri, chotsa chala chakocho, ukuwaopseza ndi nkhope. Tsiku limene anatisiya, m'mawa mwake anali atandituma kuti ndikafunse kwa anzake odula magalasi ngati ali ndi zidutswa zotsala, poti anawo akukula ndipo thanki imodzi siwakwanira.