Tenti Pansi pa Nsangu

Dzulo ndikuyanika tenti ya kutchalitchi, fungo la lona wotentha ndi dzuwa linanditengera ku Nsefu, ndili kamtsikana.

Chaka chimenecho m'busa wachizungu anabwera ndi banja lake kudzachititsa msasa wa ana a Sande sukulu. Tenti yawo anaimanga pansi pa mtengo wa nsangu.

"Abusa, pamenepo ayi," anatero amayi anga. "Zipatso zikamagwa, eni ake amabwera."

"Koma mthunzi wake, Mama!" anaseka abusawo.

Masana ena, anthu onse ali kumapemphero, ine ndi mwana wamkazi wa abusawo tinazemba n'kulowa m'tentimo. Ndinkamuluka tsitsi lake loterera ngati ndevu za chimanga. Mwadzidzidzi kunachita mdima. Chithunzithunzi cha njovu chinaphimba lona yense, chitamba chikutola zipatso pamwamba pa mitu yathu, pang'onopang'ono.

Ndinamugwira pakamwa mnzangayo. Kutali nyimbo inkamveka ngati ya m'maloto, ndipo lona ankapuma limodzi ndi njovuyo.

Mnzangayo anachotsa dzanja langa n'kunong'ona m'Chinyanja chake chopotoka, "Yabwera kudzapemphera?"

"Ayi," ndinanong'ona, tsitsi lake lidakali m'zala zanga. "Yabwera kwawo."